Dayi m'Chitsime Chathu

Chitini chimene tinkatungira madzi pachitsime chathu chinali cha mafuta ophikira, chodulidwa kukamwa. Amalume anachiboola uku ndi uku ndi msomali, n'kupisamo waya, n'kumangirira chingwe cha mphira wa tayala. Pansi pake panali kabowo kamene tinkatseka ndi kansanza, koma kankadonthabe, moti pokoka unkayenera kuchita changu, apo ayi chitini chinkafika m'manja mwako madzi ali theka. Mpaka lero ndimakumbuka kulira kwake chikagunda madzi pansipo, kenako kubwibwita kuja chikamamira. Dzinja limene ndikunenali ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 5, ndipo zikhatho zanga zinali zokhakhala chifukwa cha chingwe chimenecho.

Tinkakhala ku Ndirande, kumtunda kwenikweni, kumene khonde la mnzako limakhala pamwamba pa denga lako, ndipo usanataye madzi otsukira mbale umayamba wasuzumira ngati kumunsi kulibe munthu. Puloti yathu inali ya masitepe atatu osemedwa m'phiri. Pamwamba, kuseri kwa nyumba, panali kamalo kopapatiza kamene tinkayanikapo zovala. Pakati panali nyumba. Pansi, ukatsika kanjira kokhotakhota kolimbitsidwa ndi matumba a mchenga ndi matayala akutha, panali chitsime. Bambo ankayendetsa lole ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, choncho pakhomo tinalipo anayi: mayi, ine, mlongo wanga wamwamuna amene anali akadali kubere, ndi amalume, mlongo wawo wa mayi.

Amalume ntchito yawo inali yokumba. Zitsime, zimbudzi, maenje a zinyalala, chilichonse chofuna piki ndi fosholo anthu ankaitana iwo. Chitsime chathu anachikumba ine ndisanayambe sukulu, ndipo ankachinyadira kuposa mmene anthu ena amanyadira ana awo. Madzi ake analidi okoma, ndisaname. Anali ozizira mpaka kuwawitsa mano, oyera moti unkaona timiyala ta pansi. Amalume ankatunga m'botolo lagalasi, n'kulikweza kudzuwa pamaso pa aliyense wodutsa, n'kumati, "Taonani izi. Olo mabwana a m'tauni samwa zoterezi. Awa ndi orijino a m'phiri." Mayi sankagulitsa madziwo. Kiyosiki yogulitsa madzi inali kutali, kumunsi cha kumsika, ndipo mpopi wake unkauma masiku ambiri kuposa amene unkatuluka madzi, choncho mabanja angapo oyandikana nafe ankatunga kwathu ulere. Mayi ankazikonda zimenezi. Sanali munthu wa chuma, koma m'mawa uliwonse akazi anzawo ankaima pabwalo pathu ndi ndowa zawo n'kumawapatsa moni waulemu, ndipo ine ndinkaona mmene ankaongolera msana poyankha.

Za kuwiritsa madzi tinkazidziwa, musatiyese mbuli. Alangizi a zaumoyo ankadutsa m'makomo ndipo pawailesi ankanena. Koma m'mitu mwathu madzi owiritsa anali a ku Nasolo, mtsinje uja wonyamula nyansi zonse za Ndirande, madzi oti ngakhale mwana amaona yekha kuti ndi akuda. Kuwononga makala chifukwa cha madzi oyera mbee kunkaoneka ngati misala. Ife madzi tinkawaweruza ndi maso, monga tinkachitira ndi tomato pamsika.

Mayi ntchito yawo inali ya dayi. Mayunifolomu osuluka, mathalauzi akuda amene asanduka otuwa, masiketi a kwaya, zonse zinkabwera kwa iwo. Ankawiritsa madzi m'theka la mgolo, n'kuthira ufa wa dayi ndi mchere, n'kumavundula ndi mtengo, utsi uli m'maso. Manja awo sankayera. Sabata ina anali akuda, sabata ina obiriwira, koma nthawi zambiri anali a buluu mpaka m'zikhadabo, chifukwa sukulu zambiri za kwathu zinkavala buluu. Pa nkhani ya chitsime anali aukhondo mpaka kutopetsa. Ndowa ya dayi sinkayandikira kumunsi, ndipo tsiku lina anandikwapula chifukwa ndinagwira chingwe ndisanasambe m'manja. Madzi otsala mumgolo ankawataya m'ngalande ya m'mbali mwa puloti, n'kumatsika okha ndi mvula.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inagwetsa chimbudzi chathu chakale, chimene chinali kumbali, cha kungalande kuja. Chinangotitimira masana ena, mwamwayi mulibe munthu. Panafunika china msanga, ndipo malo analipo awiri okha. Ena anali pansi, kupitirira chitsime, pamene aliyense wobwera kudzatunga akanakuona ukulowa ndi kachitini kako. Ena anali pamwamba, kuseri kwa nyumba. Mayi sanaganize kawiri. Chimbudzi chimakhala kuseri, ndi mmene anakulira kwawo ku Thyolo, ndipo munthu wamkulu sangamapite kukadzithandiza pamaso pa gulu. Amalume anakumba masiku awiri. Dothi lofiira linatha dzenje litangowafika m'chifuwa, piki n'kuyamba kulira ndi kuthetheka moto pa thanthwe. Anatuluka, n'kupukuta thukuta, n'kunena kuti zakhala bwino kumene, chimbudzi chokhala pa mwala sichititimira.

Aphunzitsi athu a Sitandade 5 ankachita lendi nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo akazi awo ankatunga nawo pachitsime. Anali bambo woonda, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, wolankhula pang'onopang'ono mpaka kukutopetsa. Madzulo ena anakwera kwathu, anayang'ana dzenje, anayang'ana kumunsi, kenako anauza amalume mwaulemu kuti chimbudzicho chili pamwamba pa chitsime. Amalume anali okonzeka. Anati lamulo la azaumoyo amalidziwa iwo kuposa munthu wa choko: mapazi makumi atatu pakati pa chimbudzi ndi chitsime. Anayamba kuwerenga mokweza kuchokera padzenje, kuzungulira nyumba, kudutsa pakhonde, kutsika kanjira kathu kokhotakhota, ife ana tikuwatsatira m'mbuyo n'kumawerenga nawo. Pachitsime anafika pa makumi atatu ndi anayi. "Sate-folo, atitcha. Folo ndakuikirani ya banyira." Tonse tinaseka. Aphunzitsi anangoti, "Achimwene, madzi sayenda m'njira ya anthu." Amalume anawayankha kuti zimenezo akauze ana a sukulu.

Sindikufuna kuti amalume muwaone ngati chitsiru. Anali munthu wodziwa dothi, woti akaliphwanya m'manja amakuuza ngati dzenje lidzagumuka kapena ayi. Lamulolo analimva bwino ndipo analitsatira ndi mtima wonse. Kungoti amene anawauza za mapazi makumi atatu sanawauze za chitunda, ndipo iwo ntchito anaiphunzirira kumudzi, pamalo a fulati pamene kanjira ndi madzi zimayenda mtunda wofanana.

Kuyambira tsiku limenelo akazi a aphunzitsi anasiya kubwera. Tinkawaona m'mawa akutsika ku kiyosiki ndi chigubu, n'kubwerako dzuwa litakwera, thukuta lili kamukamu. Mayi zinawapweteka kwambiri. "Anthu ophunzira kudzimva," ankatero. "Madzi amwa zaka zitatu, lero awaona kuda." Ine ndinali mbali ya mayi, ndipo kwa sabata yathunthu ndinkayankha aphunzitsi m'kalasi nditakwinya nkhope.

Ife ana a sukulu aphunzitsi anatiuzadi. Tsiku lina anatitulutsa kunja, kuseri kwa kalasi, kumene anali atatsamiritsa lata lakale pa njerwa kuti lipendekeke. Anatiuza kuti tilifotsere ndi dothi mpaka lisaonekenso, n'kuzikapo timitengo ndi mabokosi a machesi kuti zikhale nyumba. Kenako anaboola kadzenje ndi chala pamwamba, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono. Madziwo anangolowa, osaonekanso. Tinadikira. Patapita kanthawi anayamba kudontha kumapeto kwa lata, kumunsi, pamwamba ponse pali pouma. Anati phiri lathu lili choncho: dothi ndi chofunda chabe, pansi pake pali mwala wopendekeka, ndipo madzi akalowa m'nthaka n'kukumana ndi mwalawo amatsetsereka nawo, kulowa m'ming'alu, kukatulukira kumene malo atsika. Anati ukafuna kudziwa madzi a pachitsime usayang'ane m'chitsime, uyang'ane kumtunda kwake. Zonsezi ndinalemba m'kope, ndinajambula ndi mivi yomwe, ndipo pamayeso ndinakhoza zonse. Sizinandifikire ngakhale kamodzi kuti limodzi mwa mabokosi a machesi aja linali nyumba yathu. Ndikaganiza lero ndimadzipsera mtima, ngakhale ndikudziwa kuti ndinali mwana.

Mvula inalimba chaka chatsopano chitangoyamba. Inagwa ya mvumbi, masiku angapo osakata, makoma akununkha chinyontho, mphasa zikuchita nkhungu. Chitsime chinadzaza moti chingwe chinkatsala chambiri m'manja, madzi ali mbee monga kale. Ndiye m'mimba munayamba kuvuta. Ndinayamba ndine, kenako amalume, kenako ana a m'nyumba zina. Tinati ndi mango, chifukwa inali nyengo yake ndipo ntchentche zinali paliponse. Ena anati ndi ndiwo zamasamba zatsopano. Ife okulirapo tinkadwala masiku awiri n'kudzuka. Mlongo wanga sanadwale n'komwe, poti ankangoyamwa.

Kumunsi kwa chitsime, mpanda wathu utangotha, kunkakhala mayi wina amene tonse tinkangowatchula kuti mayi akumunsi. Amuna awo ankalondera pa fakitale ina ku Makata. Anakhala zaka zambiri opanda mwana, anthu akuwanena m'makomo, kenako anabereka mwana mmodzi wamwamuna, ndipo dzinja limenelo anali atangoyamba kuyenda ndi kusiya bere. Anali wonenepa, wa masaya, wokonda kugwira mpanda n'kumandiitana dzina langa molipotoza mwa njira yakeyake. Iyeyu atayamba kutsegula m'mimba sanadzuke ngati ife. Kuchipatala anapatsa mayi ake timapaketi ta mankhwala osungunula m'madzi, n'kuwauza kuti azimumwetsa pafupipafupi, akangotsegula amwenso, ndipo madzi ake akhale aukhondo.

Mayi atamva mawu akuti aukhondo anadziwa chochita. Madzi abwino koposa pachitsime ndi oyamba a m'mawa, asanavundulidwe, ndipo mayi analamula kuti munthu asatunge mpaka mwana wodwala atatungiridwa. Anatsuka jagi yathu ya alendo, ya pulasitiki yoyera yokhala ndi chivundikiro, ndipo ntchito yonyamula anandipatsa ine. Kukangocha ndinkatunga, kusefa pa kansalu koyera, kudzaza jagi mpaka m'khosi, n'kutsika nayo ndi manja awiri pa matope oterera aja. Ndinkabwereza masana ndikaweruka kusukulu. Mayi akumunsi ankandilandira pakhomo maso ali ofiira n'kumati, "Mulungu akudalitse, mwana wanga. Uwathokoze mayi ako." Ndinkaimirira n'kumaonerera akusungunula mankhwala m'kapu ndi kumumwetsa ndi supuni. Mwanayo ankameza mwaludzu, maso atalowa m'kati, masaya aja atatheratu. M'nyumbamo munkanunkha matewera osauma ndi utsi wa mbaula. Ndinkabwerera kwathu ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Jagi imeneyo ndinainyamula masiku asanu ndi limodzi. La chisanu ndi chiwiri anathamangira naye kuchipatala atalefukiratu, ndipo madzulo ake tinamva kulira kukukwera phiri kuchokera kumsewu tisanaone anthu ake. Ndinali ndisanaonepo bokosi la maliro laling'ono chotero, loti bambo mmodzi analinyamula yekha m'manja. Pamaliro amayi ophika anatunga pachitsime chathu masiku awiri, migolo ndi migolo, ndipo olira onse anamwa. Anthu anayamikira mayi kuti pakanapanda chitsime chawo maliro akanavuta. Za imfayo kunali manong'onong'o a masiku onse, akuti mwana wopezeka mochedwa anthu amamuchitira nsanje, ndipo mayina a okayikiridwa ankatchulidwa motsitsa mawu kuseri kwa nyumba.

Maliro atatha mayi akumunsi anayambanso kubwera ndi ndowa yawo. Sankaima pamzere. Akazi anzawo ankawapatukira, ndipo mayi ankawalanda chingwe n'kuwatungira okha, kuwatwika, n'kuwaperekeza mpaka pampanda. Tsiku lina anabweza jagi ija, yotsukidwa bwino, muli mazira awiri a nkhuku yawo. Anati amenewo ndi anga, chifukwa cha miyendo yanga. Mayi anandiphikira ndipo ndinadya ndekha, mosangalala.

Patatha sabata ziwiri, Loweruka, mayi anali ndi ntchito yaikulu: mayunifolomu a buluu odzaza thumba, ndi diresi langa lomwe, limene linali litasuluka mpaka anzanga ankandifunsa kuti ndimaphunzira sukulu iti. Anawiritsa mgolo kawiri. Koma masiku amenewo anali atakangana ndi bambo wina woweta abakha kumunsi kwa ngalande, amene ankati dayi akumuphera ziweto. Mayi sankafuna phokoso lina anthu akadali pa chisoni. Madzulo, mgolo utazizira, anandiitana kuti ndiwathandize, ndipo tinakathira madzi onse a dayi m'chimbudzi, ndowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Anati zithandizanso kupha fungo ndi mphutsi. Lamulungu lonse kunagwa mvula.

Lolemba m'mawa ndinatsika kukatunga ndisanapite kusukulu. Nditakoka chitini ndinaganiza kuti maso akundinamiza, kapena ndi thambo likuonekera m'madzi. Ndinathira m'ndowa yoyera ya mayi wina amene anali woyamba pamzere. Madzi anali a buluu. Osati buluu wakuda ngati wa mumgolo, koma wopepuka, woonekera bwino, wokongola kumene, ndipo kukongola kwakeko ndi kumene kunandiopsa. Mayiyo anakuwa n'kudumphira kumbuyo. Ine ndinataya chingwe n'kuthamangira kunyumba.

Pasanapite nthawi pabwalo pathu panadzaza anthu. Ana ambiri sitinapite kusukulu tsiku limenelo. Oyamba anafunsa mayi ngati ndowa ya dayi inagwera m'chitsime, ndipo mayi analumbira kuti chiyambire sanatsitsepo dayi kumunsi kuno, zimene aliyense ankadziwa kuti n'zoona. Ndiye nkhani inatembenuka. Wina wathira mankhwala. Amene anapha mwana uja wabweranso kudzatimaliza tonse. Ndani anasiya kumwa madzi ano ife tisanadwale? Ndani amasunga inki? Dzina la aphunzitsi linayamba kuyenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo amuna awiri anapita kukawatenga pamene ankatuluka pakhomo, mabuku ali m'khwapa. Anabwera osakana, nkhope itatuwa. Kunena zoona mumtima ndinati awagwira. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti chitsime chikapidwe mpaka pansi. Anati ngati munthu wathira kuchokera pamwamba, madzi atsopano abwera oyera, ndipo pamenepo anthu achite nawo zimene akufuna.

Amalume anavula malaya n'kuyamba kukapa. Amuna anaima mzere kulandirana ndowa, madzi a buluu akuyenderera pabwalo mpaka kudutsa mpanda wa mayi akumunsi. Madzi atatsika amalume analowa okha m'chitsime. Anakapa mpaka dzuwa linafika pamutu. Pomaliza tinamva chitini chikukanda miyala, kenako zii. Amalume sanaitane, sanatuluke. Ndinadzipanikiza pakati pa miyendo ya anthu n'kusuzumira. Anali ataima m'matope ofika m'akakolo, akuyang'ana khoma la chitsime la mbali ya kumtunda. Pamenepo, pamene dothi lofiira limakumana ndi mwala, panali mng'alu wotalika ngati mkono, ndipo mumng'alumo munkatuluka madzi mwakachetechete, osaleka, akusiya mzere wa buluu pa thanthwe. Mbali zina zonse madzi ankachucha oyera.

Aphunzitsi anagwada pakamwa pa chitsime n'kuyang'ana nthawi yaitali. Atadzuka anayang'ana kumtunda, kupitirira denga lathu, kenako anatembenukira kwa mayi. Sanakweze mawu. "Mayi, pepani. Madzi otsala a dayi Loweruka munataya kuti?"

Ndinaona nkhope ya mayi ikusintha funso lisanathe. Anayang'ana manja awo. Akanatha kunama, chifukwa amene tinkadziwa tinali awiri okha, ndipo ine ndikanakhala chete akanangondiyang'ana kamodzi. Nthawi zambiri ndimaganiza za kamphindi kameneko, ndipo sindikudziwa ngati ine ndikanalimba mtima. Koma mayi anayankha, mawu ali ang'ono ngati si awo: "M'chimbudzi."

Mayi wina anayamba kulavula, wina anagwira pakamwa n'kuthamangira kuseri kwa mpanda kukasanza. Aphunzitsi anapempha chingwe choyanikira zovala. Anapatsa bambo wina nsonga imodzi kuti akaigwire pachimbudzi, n'kukoka inayo molunjika, kudutsa m'mbali mwa khoma la nyumba, kutsika chitunda mpaka pachitsime. Kenako anayala chingwecho pansi n'kuchiyeza ndi mapazi. Anakwana khumi ndi awiri. Sanaseke munthu, sanakumbutse zimene ananena kale, sanafunse amene anatchula za inki. Anangofotokoza zomwe zija za lata ndi dothi, kuti dzenje linathera pa thanthwe, thanthwelo lapendekera kuno, ndipo chilichonse cholowa kumtunda mvula ikuchitsitsa m'masiku awiri. "Dayiyu si amene waipitsa madzi," anatero. "Wangotionetsa njira imene zinazo zakhala zikudutsa kuyambira Disembala."

Amalume anatuluka m'chitsime osathandizidwa ndi munthu, anakhala pansi m'matope, n'kumangobwereza kuti, "Koma ndinawerenga. Ndinawerenga ine." Chitsimecho anachikwirira okha sabata yomweyo, ndipo sanakumbirenso munthu aliyense chitsime. Anakayamba kuswa miyala m'mbali mwa msewu. Ife tinayamba kutsika ku kiyosiki ngati ena onse, mayi akuyenda m'mbali mwa njira atafunda chitenje kumutu, osapatsa munthu moni. Ine mpaka lero ndikapita kukaona nyumba ya lendi sindiyamba ndi zipinda. Ndimazungulira kuseri, ndimayang'ana kumene malo apendekera ndi zimene zili kumtunda, eni nyumba n'kumandiona ngati wozungulira mutu. Koma izi ndi za pambuyo pake, ndipo tsiku lija linali lisanathe.

Mayi akumunsi anali pomwepo nthawi yonseyi. Palibe amene anawaona akubwera. Anaima kumapeto kwa gulu, duku lakuda kumutu, mapazi ali m'madzi a buluu amene anayenderera kwawo. Anthu atawazindikira anapatuka okha. Anayenda mpaka pamene panaima mayi ndi aphunzitsi. Ndinkayembekezera kuti akuwa, kapena agwira mayi pakhosi, monga ndinkaonera akazi akuchitira pa mikangano ya pa mpopi. Sanatero. Anafunsa aphunzitsi motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti akatsegula, ine n'kumumwetsa, ndimamuwonjezera?" Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyang'ana pansi. "Anandiuza kuti pafupipafupi," anatero mayiwo, osauza munthu aliyense. "Masiku omaliza amakana. Ine ndimamutsegula kukamwa."

Mayi anagwada m'matope momwemo. Ndinali ndisanawaonepo atagwadira munthu wa msinkhu wawo. Anayesa kugwira mapazi a mnzawoyo koma manja anaima m'malere.

Ine zonsezi ndinazimva mwa njira yanga. Ndinamva kuti panali cholakwika ndi madzi a mwana uja, kuti akuluakulu akufuna amene analakwitsa, ndipo madziwo ndinkanyamula ndine. Ndinaopa kuti aganiza kuti ndinkachita ulesi, kuti mwina ndinkataya m'njira n'kukadzazira a m'ngalande. Choncho ndinapita kutsogolo, pamaso pa anthu onse, n'kunena mokweza, momveka bwino, monga aphunzitsi ankatiuzira kuti tiziyankha m'kalasi: "Ine sindinasinthepo. Onse anali a m'chitsime chathu, oyamba enieni. Masiku onse sikisi, kawiri pa tsiku, ndipo sindinatayepo olo dontho."

Mayi akumunsi anandiyang'ana. Kenako anangodzigwetsa pansi, ndipo kulira kumene kunatuluka kunaposa kwa tsiku la maliro. Mayi anandikoka mwamphamvu n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lawo lonunkha dayi, n'kundipanikiza pachifuwa mpaka kupuma kunandivuta. Ndinalira nanenso, koma ndinkalira ndi mkwiyo. Ndinali nditanena zoona, ntchito yanga ndinaigwira bwino popanda kujomba tsiku, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake pagulu lonselo panalibe ngakhale mmodzi wondiyamikira.